Kanyali ka ABS sikayakira chabe

Aliyense amene adakwerapo galimoto zonyamula anthu pakati pa Thyolo ndi Thekerani, n'kuchita mwayi wokhala mpando wakutsogolo, adakaonapo kanyali kameneka. N'kachikasu, kali ndi zilembo zitatu, ABS, ndipo kamayaka phee pa dashibodi kuchokera pa siteji mpaka kofika. Wokwera akafunsa, dalaivala amayankha mosavutika kuti abwana asade nkhawa, ameneyo ndi magetsi chabe, mabuleki ali bwinobwino. M'galimoto zina kanyaliko sikaoneka n'komwe. Kadamatidwa tepi yakuda, kapena kachithunzi ka timu ya mpira, apo ayi makaniko wina adachotsa babu yake kuti mwini galimoto agone tulo.

Dalaivalayo sakunama kwenikweni. Akaponda buleki galimoto imaima, ndipo yakhala ikuima chonchi kwa miyezi. Koma chimene sakunena, mwinanso sakuchidziwa, n'chakuti kanyaliko kakulengeza kuti chipangizo chimene chidaikidwa kuti chimupulumutse tsiku limene zinthu zavuta chidasiya kugwira ntchito. Pa msewu ngati wa Thekerani, kumata kanyali kameneka n'chimodzimodzi kutseka pakamwa mlonda amene akukuwa kuti kunja kwafika akuba.

Msewu umenewu si wamasewera. Ukachoka pa boma la Thyolo umadutsa m'minda ya tiyi, kufika pa Makwasa kumene kuli chipatala cha Malamulo, kenaka n'kuyamba kupindika m'mapiri, khota pamwamba pa khota, mpaka pa Thekerani. Kupitirira apo ndi mtsetse wautali wotsikira ku Muona m'chigwa cha Shire. Kale anthu akuderali ankalira ndi matope, galimoto zinkagona panjira nyengo ya dzinja, nthochi n'kupsera m'mbali mwa msewu. Phula litafika kulira kumeneko kudachepa, koma paja akuluakulu adati walira mvula walira matope. Phula lidabwera ndi liwiro. Pakhota pamene kale dalaivala ankadutsa pa giya yachiwiri chifukwa cha maenje, lero amadutsa ali liwiro la mtondo wadooka.

Kuwonjezera apo pali chiperoni. Miyezi yozizira nkhungu imatha kuphimba mapiri masiku angapo, kamvula kowaza kakugwa osalekeza. Kamvula kotere sikatsuka msewu. Kamangonyowetsa fumbi, madontho a oyilo ndi dothi lofiira limene mathirakitala ndi malole amatuluka nalo m'minda, ndipo zonsezi zimasanduka phala loterera pamwamba pa phula. Namondwe ngati Freddy wa mu March 2023 akadutsa, m'makhota mumatsala mchenga ndi timiyala totsika m'mapiri. Apa ndiye pamene pamafunika ABS.

Kuti munthu amvetse ntchito ya chipangizochi ayenera kuyamba wamvetsa chinthu chimodzi chimene ambiri amachiganizira mozondoka. Mabuleki saimitsa galimoto, amaimitsa tayala. Chimene chimaimitsa galimoto ndi kugwirana kwa tayala ndi msewu, pa kamalo kosaposa chikhatho cha munthu wamkulu pa tayala lililonse. Galimoto yonse, anthu, matumba a chimanga ndi mikoko ya nthochi, zonse zimadalira zikhatho zinayi zimenezi.

Tayala limagwira msewu mwamphamvu pamene likuzungulirabe, koma mochedwerako pang'ono poyerekeza ndi liwiro la galimoto. Akatswiri adapeza kuti pa phula kugwira kwabwino kumakhala pamene tayala latsalira ndi gawo lapakati pa 10 ndi 30 pa 100 alionse. Kunena mwachidule, galimoto ikamathamanga makilomita 60 pa ola, tayala lizizungulira ngati la galimoto yothamanga 50. Likangosiyiratu kuzungulira, kumene madalaivala amati kuloka, limayamba kukhwekhwerezeka, kugwira kwake kumachepa, ndipo choopsa kwambiri n'chakuti silimveranso chiwongolero. Tayala loloka lilibe kumanja kapena kumanzere. Matayala akutsogolo akaloka, dalaivala angapotoze chiwongolero mpaka kumapeto, galimoto imangopita kumene imalowera kale, kaya kuli mtengo wa bulugamu, kaya phompho, kaya ana asukulu. Akaloka akumbuyo, galimoto imatembenuza matako n'kuyang'ana kumene ikuchokera.

Madalaivala akale adaphunzitsidwa kupopa buleki, kuponda n'kusiya, kuponda n'kusiya, kuti matayala asaloke. Nzeru imeneyi idali yabwino pa nthawi yake. Vuto lake n'lakuti phazi la munthu ndi limodzi ndipo limalamula matayala onse anayi nthawi imodzi, komanso silingapope kangapo konse pa sekondi. Kuwonjeza apo, mbuzi ikadumphira mumsewu pakhota, ndi anthu ochepa amene amakumbukira zopopa. Mantha amangouza mwendo kuti uponde mpaka pansi.

Kabokosi ka ABS kadapangidwa kuti kazipopa m'malo mwa dalaivala, tayala lililonse palokha. Munthu akatsekula boneti amakaona mosavuta: kachitsulo koyera ka aluminiyamu kamene timapaipi ta mafuta a mabuleki timalowa ndi kutuluka, kambali kwake kuli kamota kozungulira ngati kachitini, ndipo mbali ina kuli chivundikiro chakuda cha pulasitiki chokhala ndi pulagi ya mawaya ambiri. Amakaniko ambiri amangoti pampu ya ABS. Koma pampu ndi gawo limodzi chabe. M'chivundikiro chakudacho muli kompyuta, ndipo imeneyo ndiyo mwini nkhani.

Kompyutayo ili ndi maso anayi. Pa tayala lililonse pali sensa, kachipangizo kotalika ngati chala, koyang'anizana ndi mkombero wamano umene umazungulira limodzi ndi tayala. Pa galimoto zambiri mkomberowu uli ndi mano 48. Pa galimoto zatsopanoko mano saoneka, m'malo mwake muli timaginito tobisika m'bering'i ya tayala. Dzino lililonse likadutsa pa sensa, kauthenga kamagetsi kamapita ku kompyuta. Tayala la galimoto yaing'ono ngati Toyota Sienta limazungulira pafupifupi kasanu n'kanayi pa sekondi pa liwiro la makilomita 60 pa ola, choncho kompyuta imalandira timauthenga toposa 400 pa sekondi kuchokera ku tayala limodzi, toposa 1,600 kuchokera ku onse anayi. Mmene dalaivala akuphethira kamodzi, iyo yawerenga kale kambirimbiri.

Chodabwitsa n'chakuti kompyutayi siona msewu, ndipo palibe amene amaiuza liwiro lenileni la galimoto. Imachita kulingalira. Imafananiza matayala anayiwo, ndipo ikaona kuti atatu akunena 60 pamene limodzi latsika mwadzidzidzi kufika 30, imadziwa kuti limodzilo latsala pang'ono kuloka. Nanga onse anayi akatsika pamodzi? Apa imagwiritsa ntchito mfundo ina. Galimoto yothamanga makilomita 60 pa ola singaime pasanathe pafupifupi masekondi awiri, ngakhale pa phula louma ndi matayala atsopano. Ndiye tayala likamaonetsa kuti likufuna kuima m'kagawo kakang'ono ka sekondi, kompyuta imadziwa kuti limene likuima ndi tayala, galimoto ikadali paulendo.

Ikazindikira zimenezi imatembenukira ku manja ake, omwe ndi mavalavu. M'kachitsulo ka aluminiyamu kaja muli timavalavu toyendera magetsi, kawirikawiri tiwiri pa tayala lililonse, kolowetsa mafuta ndi kotulutsa. Masiku onse kolowetsa kamakhala kotsekula, kotulutsa kotseka, moti mafuta amachoka kumene dalaivala waponda n'kupita ku tayala ngati kabokosiko kulibe. N'chifukwa chake galimoto ya ABS yakufa imaimabe, ndipo n'chifukwa chake dalaivala wa ku Thekerani uja amalumbira kuti palibe vuto.

Tayala likayamba kutsalira mopitirira muyeso, kompyuta imayamba ndi kutseka valavu yolowetsa. Dalaivala aponde chotani, mphamvu yofinya tayala limenelo siwonjezekanso. Ikaona kuti tayala likupitirizabe kutsalira, imatsekula valavu yotulutsa, mafuta pang'ono n'kuthawira m'kankhokwe kakang'ono kamene kali momwemo, buleki n'kumasukako, tayala n'kuyambanso kuzungulira. Pomwepo kamota kaja kamadzuka n'kupopa mafuta othawawo kuwabwezera kumtunda, kuopa kuti chopondera chingamire mpaka pansi. Tayala likabwerera pa liwiro loyenera, valavu yolowetsa imatsekulidwanso pang'onopang'ono, buleki n'kugwiranso. Gwira, masula, finyanso. Zimenezi zimatha kuchitika mpaka ka 15 pa sekondi imodzi, ndipo tayala lililonse limaweruzidwa palokha.

Phindu la kuweruza tayala palokha limaoneka bwino pa misewu yopapatiza. Dalaivala akakumana ndi lole yonyamula tiyi pakhota, amakhotera kumanzere, matayala awiri n'kutsikira m'dothi lonyowa, awiri ali pa phula. Akaponda buleki mwamphamvu pa galimoto yopanda ABS, a m'dothi amaloka nthawi yomweyo pamene a pa phula akugwira, ndipo galimoto imapotokera ku mbali imene ikugwira, komwe ndi kumene kuli loleyo. Kabokosi ka ABS kamamasula a m'dothiwo, n'kuwonjezera mphamvu ya a pa phula mwapang'onopang'ono kuti dalaivala apeze mpata wowongola. Palibe phazi la munthu, ngakhale la dalaivala wa zaka 30 pa msewu, limene lingachite zimenezi.

ABS ikamagwira ntchito imachita phokoso. Chopondera buleki chimanjenjemera ngati chikukankha phazi, pansi pa boneti pamamveka kukukuta ngati chitsulo chikuthyoka. Dalaivala amene sadauzidwepo amadzidzimuka n'kuchotsa phazi, poganiza kuti waononga galimoto ya abwana. Ena amathamangira ku galaja kukadandaula kuti mabuleki akulira, ndipo makaniko wofuna kusangalatsa kasitomala amangozula fyuzi ya ABS, kulira n'kutha. Chonsecho kunjenjemera kumeneko ndi mavalavu ndi pampu zili pa ntchito. Pa galimoto ya ABS lamulo ndi losiyana ndi la makolo: ponda mwamphamvu, usachotse phazi, wongolera kumene ukufuna kupita. Kupopa buleki pa galimoto yotere n'kusokoneza kompyuta imene ikupopa kale bwino kuposa munthu.

Nzeru zimenezi zidayambira pa ndege, zimene zimatera pa liwiro lalikulu moti tayala likaloka limaphulika. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Dunlop ku Britain idapanga chipangizo chotchedwa Maxaret, chopanda kompyuta, ndipo mu 1966 chidaikidwa pa galimoto yotchedwa Jensen FF. ABS yoyendera kompyuta, yoyang'anira matayala onse anayi, idatchuka kuyambira mu 1978 pamene Bosch ndi Mercedes-Benz adaiika pa galimoto zodula za S-Class. Pofika 2004 opanga galimoto ku Ulaya adagwirizana kuti galimoto zing'onozing'ono zonse zatsopano zizikhala nayo. Galimoto zambiri zakale za ku Japan zimene zimalowa m'dziko muno kudzera pa doko la Dar es Salaam ndi chipata cha Songwe zidatuluka m'fakitale zili ndi ABS. Amalawi adalipira kale chipangizochi pogula galimotozo. Chimene chikuchitika n'chakuti akuchitaya okha.

Tsono kanyali kaja kamayakiranji? Kompyuta ya ABS imadziyeza yokha. Dalaivala akangopotoza kiyi, kanyali kamayaka kwa masekondi ochepa pamene kompyuta ikuona ngati magetsi akukwana, ngati masensa onse anayi akuyankha, ngati mavalavu ali moyo. Zonse zikakhala bwino kamazima. Galimoto ikangoyamba kuyenda imayesanso kamota, ndipo wotchera khutu amamva kakulira kamodzi pansi pa boneti. Ikapeza cholakwika, kompyuta imasankha kudzichotsa pa ntchito kusiyana n'kuti izimasula mabuleki potengera uthenga wabodza. Imasiya mavalavu mmene amakhalira masiku onse, imasunga nambala ya vutolo m'mutu mwake, n'kuyatsa kanyali. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma apa ng'oma ikuimbidwa tsiku ndi tsiku, pamaso pa dalaivala penipeni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nthawi zambiri chimene chalakwika si kabokosi kodulako. Masensa amakhala pansi, pafupi ndi matope, madzi ndi miyala. Waya wake umaduka ndi mwala, kapena umapekeseka chifukwa wina posintha mashoko adaiwala kuubwezera m'malo mwake. Pamphuno pa sensa pamaunjikana tizitsulo ndi dothi. Bering'i ikatha, tayala limagwedera ndipo mpata wa pakati pa sensa ndi mano umasinthasintha. Ena amaika bering'i yotchipa yopanda maginito, kapena yoyenera koma moitembenuza, sensa n'kukhala yakhungu. Batire yofooka nayo imayatsa kanyali. Ngakhale matayala osiyana misinkhu, zimene zimachitika kwambiri munthu akamagula matayala a kaunjika limodzilimodzi, amatha kusokoneza kompyuta, chifukwa tayala laling'ono limazungulira mofulumira kuposa anzake nthawi zonse.

Kabokosiko nako kamafa, makamaka pa galimoto zakale. Timawaya ta mkati timathothoka ndi kutentha ndi kugwedezeka, kamota kamauma, mavalavu amachita dzimbiri. Dzimbiri limeneli limachokera m'mafuta a mabuleki, amene mwachibadwa amayamwa chinyontho cha mumpweya. Opanga galimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa pakatha zaka ziwiri zilizonse. Kuno ambiri amangothiramo owonjezera akatsika, moti pali galimoto zimene zikuyendera mafuta amene zidachoka nawo ku Japan. Kudera la chinyezi ngati Thyolo, kumeneku n'kuweta dzimbiri.

Pali chinthu china chimene omata tepi sachidziwa, ndipo n'choopsa kuposa zonse. Galimoto ikamaima, kulemera kwake kumathamangira kutsogolo, kumbuyo n'kupepuka, makamaka pa mtsetse. Matayala akumbuyo safunika kufinyidwa mofanana ndi akutsogolo. Galimoto zakale zidali ndi valavu yapadera yochepetsa mphamvu yopita kumbuyo. Pa galimoto zambiri zatsopanoko valavu imeneyi idachotsedwa, ntchito yake n'kupatsidwa kabokosi ka ABS komweko, ndipo amaitcha EBD. Kabokosi kakafa kotheratu, kapena wina akazula fyuzi, matayala akumbuyo amatha kuloka msanga kuposa akutsogolo. Galimoto yotere siyofanana ndi Land Rover yakale imene idapangidwa yopanda ABS. Ndi yoipa kuposa pamenepo. Chizindikiro chake n'chakuti kanyali kachikasu kamayaka limodzi ndi kofiira ka mabuleki, ndipo galimoto yoyatsa tinyali tiwiri timeneti siyenera kunyamula munthu, ngakhale wopita pa Makwasa pomwepa.

Madalaivala ndi amakaniko amene sakonda ABS ali ndi mfundo imodzi yoona, ndipo kuikana kungakhale kunama. Pa msewu wa miyala yosagwirana kapena mchenga, galimoto ya ABS imatha kutenga mtunda wotalikirapo kuti iime. Chifukwa chake n'chakuti tayala loloka limakumba n'kuunjika dothi kutsogolo kwake, mulu umenewo n'kuthandiza kuimitsa galimoto, pamene ABS salola tayala kukumba. Woyenda m'timisewu ta m'minda ya tiyi kapena totsikira ku Ruo amazimva zimenezi, ndipo amaona ngati mabuleki akumukaniza. Koma ngakhale pamenepo galimoto imamverabe chiwongolero. Pa kamsewu kamene mbali ina ndi khoma la phiri, mbali ina ndi chigwembe, kuima mamita awiri patsogolo uli mumsewu n'kwabwino kusiyana n'kuima msanga uli chafufumimba. Mankhwala a msewu wa miyala ndi kuchepetsa liwiro, osati kuzula fyuzi imene idzafunike galimoto ikabwerera pa phula lonyowa.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ndalama. Kwacha itagwa ndi 44 pa 100 alionse mu November 2023, zipangizo za galimoto zidakwera mtengo koopsa, ndipo mwini Sienta imodzi amene akudyetsa banja ndi galimotoyo amawerengera kawiri asadagule chinthu chimene galimoto ikuyenda popanda icho. Izi n'zomveka. Komabe ambiri amathawa mtengo umene sadaufunse n'komwe. Pansi pa chiwongolero pali pulagi ya mabowo 16 pamene amalumikizapo makina oyezera galimoto, ndipo m'mphindi zochepa kompyuta imanena yokha kuti vuto lili pa tayala liti. Kawirikawiri nkhani imathera pa kulumikiza waya kapena kupukuta sensa. Kulephera kuyezetsa n'kumene kumachititsa ena kugula kabokosi kena ku Ndirande kapena ku Limbe, kosagwirizana nambala ndi galimoto yawo, kanyali n'kumayakabe, ndalama zitapita.

Tsono pasakhale wina woganiza kuti kanyali kakazima ndiye kuti galimoto yasanduka yosagwa ngozi. ABS siwonjezera kugwira kwa tayala, imangogwiritsa bwino ntchito kugwira kumene kulipo. Tayala lotha ngati chipande silingachotse madzi pansi pake, ndipo kompyuta ilibe chochita. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woimira umawirikiza kanayi, ABS ilipo kapena palibe. Sienta idapangidwira anthu 7, ndipo ikanyamula 12 ndi katundu pamwamba, mabuleki ake amakhala akugwira ntchito imene sadapangidwire.

Ndipo pa mtsetse wa ku Muona mdani wamkulu ndi kutentha. Dalaivala akatsika phiri lonse phazi lili pa buleki, mapadi amapsa n'kuyamba kuterera, mafuta a mabuleki n'kuwira. Mafuta atsopano a DOT 3 amawira pa madigiri osachepera 205, koma akayamwa chinyontho amatha kuwira pa 140. Akawira mumapangika nthunzi, ndipo nthunzi imafinyika, choncho chopondera chimangomira mpaka pansi popanda chogwira. Pamenepo ABS singathandize, chifukwa ntchito yake ndi kumasula tayala logwidwa kwambiri, osati kugwira tayala limene lasowa woligwira. Phiri amatsika ndi giya yaikulu mphamvu, yachiwiri kapena yoyamba, ndipo pa galimoto ya otomatiki pali L kapena 2 amene ambiri sadamukhudzepo chigulireni.

M'malo mwake pali chizolowezi choika galimoto pa fili potsika, ena mpaka kuzimitsa injini, ati kupulumutsa mafuta, makamaka chiyambireni mavuto a kusowa kwa mafuta a mu 2022. Kuzimitsa injini kumachotsa mphamvu yothandizira phazi poponda buleki, kumalimbitsa chiwongolero, ndipo kiyi akabwerera kumbuyo kompyuta ya ABS nayo imagona. Chodabwitsa n'chakuti injini zamasiku ano zimadula zokha mafuta galimoto ikamatsika ili m'giya phazi litachoka pa moto, pamene pa fili injini imamwabe mafuta kuti isazime. Wopulumutsa mafutayo akuika moyo wa anthu pachiswe popanda ngakhale dontho limene wapindula.

Akabaza a njinga zamoto, amene tsopano ndiwo amafikitsa anthu m'midzi ya m'mapiri a Thekerani, nkhani yawo ndi ina. Njinga zambiri zotchipa zimene amayendera zilibe ABS, chonsecho pa njinga tayala lakutsogolo likangoloka munthu amakhala ali kale pansi. BMW idaika ABS pa njinga yamoto koyamba mu 1988, ndipo dziko la India, limene limapanga njinga zambirimbiri, lidalamula kuti kuyambira April 2019 njinga zonse zatsopano zoposa 125cc zizikhala nayo. Lipoti la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu. Dziko limene limagula njinga ndi galimoto zonse kunja lili ndi ufulu wonena mtundu wa zimene likufuna kuti zizilowa.

Koma za malamulo a katundu wolowa zingatenge zaka. Chapafupi ndi COF. Nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ndi malo onse oyezera galimoto ayenera kutenga kanyali ka ABS ngati nkhani yolepheretsa galimoto, makamaka yonyamula anthu. Ku Britain galimoto yoyatsa kanyali kameneka imalephera mayeso a chaka ndi chaka a MOT. Ku Japan komwe galimotozi zimachokera, kuyambira February 2017 galimoto yoyatsa kanyali ka ABS, ka mabuleki, ka injini kapena ka airbag saiyeza n'komwe mpaka itakonzedwa. N'zomvetsa manyazi kuti galimoto imene kwawo sakadailola kuyenda ifike kuno n'kukhala yonyamula amayi oyembekezera kupita nawo ku Malamulo. Woyeza asamangoona kuti kanyali sikakuyaka. Aziona kuti kakuyaka kiyi akapotozedwa, kenaka n'kuzima. Apolisi apamsewu, amene amasuzumira kale pa galasi kuwerenga mapepala, sangataye mphindi imodzi kupempha dalaivala kuti azimitse injini n'kulizanso.

Kulepheretsa galimoto kokha sikungathandize ngati wokonza kulibe. Makaniko wa pansi pa mtengo pa Thekerani kapena pa Luchenza ndi waluso, amatha kutsitsa giyabokosi ndi masipanala atatu, koma adaphunzira pa galimoto zopanda kompyuta. Akazula fyuzi si chifukwa cha nkhanza, n'chifukwa chakuti alibe chomuuza kumene kuli vuto. Bungwe la TEVETA ndi makoleji a ntchito zamanja angachite bwino kukonza maphunziro afupiafupi a magetsi a galimoto opita kwa amakaniko amene ali kale pa ntchito, m'maboma momwemo, m'Chichewa. Makina ang'onoang'ono oyezera, ena olumikiza ku foni, alipo ndipo amakaniko angapo atasonkherana angathe kugula amodzi. Nawo makampani a tiyi, amene ali ndi magalaja ndi amakaniko ophunzira, ndiponso antchito awo amakwera galimoto zomwezi popita kwawo, sangasauke atatsekula zitseko tsiku limodzi pa mwezi kuti anyamata a m'magalaja a m'mbali mwa msewu akaone mmene ntchitoyi imagwiridwira.

Sukulu zophunzitsa kuyendetsa galimoto nazo zili ndi ngongole. Munthu amatenga laisensi asadamvepo chopondera buleki chikunjenjemera pansi pa phazi lake, ndipo amadzakumana nazo koyamba tsiku la ngozi, anthu ali m'galimoto. Wophunzira aliyense akadayenera kutengedwa pa bwalo lopanda anthu, n'kuuzidwa kuti athamange makilomita 30 kapena 40 pa ola, aponde buleki ndi mphamvu zake zonse, amve phokosolo mpaka alizolowere.

Wogula galimoto, kaya pa intaneti kaya pa malo ogulitsira ku Blantyre, naye ali ndi poyambira. Asanafunse za wailesi ndi utoto, apotoze kiyi osaliza injini, ayang'ane pa dashibodi. Kanyali ka ABS kayenera kuyaka pamodzi ndi tinzake. Kakayaka n'kuzima pakapita masekondi ochepa, kompyuta yadziyeza ndipo yakhutira. Kakayaka osazima, pali vuto loti likayezedwe mtengo usanakambidwe. Kakapanda kuyaka n'komwe, pa galimoto imene pansi pa boneti kabokosi kakuoneka, ndiye kuti wina adafika kale pa babu.

Wokwera amene wakhala mpando wakutsogolo pa siteji ya Thekerani angathe kuyeza chimodzimodzi, popanda kulipira kalikonse, nthawi imene dalaivala akuliza galimoto. Zimatenga masekondi osakwana asanu, kondakitala asanatseke chitseko.